Kazitape wa m'thiraki yathu: chaka ndi miyezi iwiri ndikuyenda naye

Anzanga angapo a pamsewu akhala akundifunsa za kabokosi ka GPS kamene abwana adatiikira m'mathiraki, makamaka anyamata a ku Moatize amene mabwana awo ayamba kuwanong'oneza kuti nawonso kakubwera. Ena amandifunsa pa mzere wa pa boda ya Calómuè, ena pa WhatsApp usiku ine ndili m'tulo. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, wofuna awerenge yekha. Dzina la kampani imene idatigulitsa sinditchula, chifukwa pali zina zimene ndidandaule pano. Komanso mabokosi amenewa amafanana ndithu, chimene chimasiyana ndi anthu amene amakhala kuseri kwake.

Ine kwathu ndi ku Ulongué, ku Angónia, m'dziko la Mozambique. Chiwongolero ndidachigwira koyamba pa kalole kotuta mbatatesi ku Tsangano, ndipo pa mathiraki akuluakulu ndakhalapo zaka 16. Njira yanga ndi imodzimodzi: kukweza ku doko la Beira, kawirikawiri feteleza, kudutsa Inchope ndi Chimoio, kukhotera pa N7, kenako Catandica, Guro, Changara, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Kassuende, Moatize, ndiye pa Mussacama kusiya msewu wa ku Zóbuè n'kuyamba kukwera mtunda wa kwathu mpaka Calómuè, Dedza, Lilongwe. Pobwerera ndi fodya, soya kapena nandolo, apo ayi wopanda kanthu. Abwana athu ali ndi mathiraki anayi okha, si kampani yaikulu, ndipo aliyense wa ife amamudziwa mpaka ana ake.

Kale tinkalemba m'kope. Kope wamba la ana asukulu, abwana atalembamo mizere ndi lula: tsiku, ola lonyamuka, ola loima, makilomita, malita. Kunena zoona palibe amene ankalemba ali pamsewu. Tinkadzaza tsiku lofika, titakhala pa tayala lakutha pa yadi ku Moatize, cholembera chimodzi chikuyenda m'manja mwa anthu atatu. M'kope langa ndinkagona 8 koloko usiku n'kudzuka 5 koloko m'mawa tsiku ndi tsiku, ngati mwana wa ku seminale.

Zenizeni zidali zina. Kuchoka ku Beira kufika ku Tete ndi makilomita pafupifupi 600, ndipo thiraki yosenza matani 30 siuluka. Ukawerengera maenje, mabampu, sikelo ndi poimitsa apolisi, ukapeza makilomita 50 pa ola uthokoze Mulungu. Amenewo ndi maola 12 uli pampando. Tinkawamenya tsiku limodzi, ena n'kupitirira usiku womwewo kuti kukacha akakhale kutsogolo pa mzere wa boda. Alawansi ya ulendo ndi imodzimodzi, utenge masiku atatu, utenge asanu. Ndiye aliyense adadziwerengera yekha kuti tulo ndi ndalama yotayika.

Usiku wina mu Okutobala, zaka zisanu zapitazo, ndidali nditadutsa Guro ndikutsetsereka cha ku mtsinje wa Luenha. Ndidali nditamwa zitini ziwiri za zakumwa zija amati zimachotsa tulo, thaulo lonyowa lili m'khosi, mawindo onse otsekula koma mphepo yolowa ngati yochokera mu uvuni wa njerwa. Ndikukumbuka ndikuona mlambe kumanzere, waukulu, utayera ndi magetsi anga. Chotsatira chimene ndikukumbuka ndi mlambe wina, kumanja, pafupi moti ndikadatha kuukhudza, matayala akulira pa miyala. Zapakatipo zidafufutika. Mnyamata wondithandiza ndiye adakuwa kuti, "Madala! Madala!" ine n'kubweza chiwongolero. Tidaima, ndidatsika, miyendo ikunjenjemera ngati ya mwana wa ng'ombe wongobadwa. M'kope tsiku limenelo ndidalemba kuti ndidagona ku Catandica.

Musaganize kuti kabokosi kadabwera chifukwa abwana adatimvera chisoni. Kampani imene imatipatsa katundu idangonena kuti thiraki yopanda GPS ndi lipoti la maola a dalaivala sidzakwezanso, basi. Eni katundu ali ndi zifukwa zawo. Tonse a kuno tikukumbuka Caphiridzange, mu Novembala 2016, pamene thanki ya mafuta yochokera ku Beira kupita ku Malawi idapatuka pamsewu n'kukaphulika anthu ataizungulira ndi zigubu, n'kufa anthu oposa 70. Ndimadutsapo ulendo uliwonse. Chichitikire zimenezo, munthu akanena kuti galimoto izioneka pamene ili, sindingamutsutse.

Amisiri adabwera awiri kuchokera mumzinda wa Tete, ntchito ya theka la tsiku pa thiraki imodzi. Kabokosi kenikeniko n'kakuda, kukula ngati paketi ya fodya, m'kati muli SIM khadi, ndipo amakabisa kuseri kwa dashibodi. Pambali pa chiwongolero adamatapo kachitsulo kozungulira, dalaivala aliyense n'kupatsidwa kakiyi kake kooneka ngati batani la jekete. Usanalize injini umakhudzitsa, kabokosi kamati "pi", ndiye kadziwa kuti wakhala pampando ndiwe. M'thanki ya dizilo adalowetsamo ndodo yoyezera. Pansi pa mpando pali batani lofiira la pangozi, limene ndidalidinapo kamodzi ndi chidendene mwangozi, abwana n'kuimba foni ali wefuwefu. Pa foni adatiikira pulogalamu yoonetsa maola amene wayendetsa ndi amene atsala. Ku ofesi, kutanthauza kontena yakale pa yadi, kuli laputopu, ndipo amene amaiyang'ana ndi mwana wa alongo anga, amene ndidamupezera ntchitoyo ndine. Mlonda ndidadziikira ndekha.

Ndalama ya pamwezi pa thiraki imodzi, abwana akuti siposa mtengo wa zigubu ziwiri za dizilo. Pamenepo palibe chodandaula.

Tsiku loika ndidaima kumbuyo kwa mwana wa alongo anga uja akusankha malamulo a maola oyendetsa. Pulogalamuyo idabwera ndi mitundu iwiri yokonzeratu, wa ku America ndi wa ku Ulaya. Wa ku America umalola maola 11 oyendetsa, koma onsewo akwane m'kati mwa maola 14 kuchokera pamene wayamba ntchito, ndipo usanayambe ukhale utapuma maola 10 otsatizana. Ukayendetsa maola 8 upume mphindi 30, ndipo pa masiku 8 usapose maola 70. Kumeneko kuyambira mu Disembala 2017 madalaivala ambiri adawalanda kope la pamanja, boma lidalamula makina olemba okha. Ndiye kuti nawonso ankadzaza tsiku lofika, osati ife tokha. Wa ku Ulaya ndi wothina: maola 9 patsiku, kawiri pa sabata ungafike 10, ukayenda maola anayi ndi theka uime mphindi 45, patsiku upume maola 11, pa sabata usapose 56, pa masabata awiri usapose 90. Iwo chipangizo chawo amachitcha tachograph, dalaivala aliyense ali ndi khadi lake, ndipo wapolisi amaliwerenga pamsewu pompo n'kuona zonse zimene wachita masabata apitawo.

"Malume, tisankhe uti?" adafunsa mnyamatayo.

Ine ndidati wa ku America, poti 11 ndi wamkulu kuposa 9. Adaseka. Eni katundu adali atanena kale kuti wa ku Ulaya, n'kuwonjezapo lawolawo lakuti kuyambira 9 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa tayala lisazungulire. Lamulo la ntchito la dziko lathu lino, lakale la 2007 ngakhale latsopano la 2023, limanena maola 8 patsiku ndi 48 pa sabata kwa munthu wolembedwa ntchito. Koma ine pa zaka zonsezi chimene ndimatulutsa pawindo ndi carta (laisensi yoyendetsera), livrete (chikalata cha galimoto) ndi inshuwalansi. Za tulo amene wayamba kundifunsa ndi kabokosika.

Miyezi iwiri yoyamba ndidadana nako. Zikatsala mphindi 15 kuti ukwanitse maola anayi ndi theka kamayamba kulira, kulira kwake kobaya m'khutu ngati nkhululu usiku wa dzinja, ndipo kulibe kochepetsa. Ukapitirira kamalira osalekeza, uthenga n'kupita ku ofesi nthawi yomweyo. M'pamene ndidakapatsa dzina la kazitape, ndipo pano yadi yonse imakatchula choncho, ndi abwana omwe. Ukanyamuka ku Beira m'mawa, maola anayi ndi theka oyamba amathera cha ku Gondola kapena Chimoio, kumene poima ndi podya sipasowa. Achiwiriwo amathera cha ku Guro. Tete imene kale ndinkafika tsiku lomwelo, tsopano ndimaiona mawa lake dzuwa litakwera. Ulendo uliwonse udatalika ndi tsiku lathunthu, kupita ndi kubwera masiku awiri, alawansi ili pomwepo.

Ndinenenso zimene anzanga amabisa. Ambiri amene amatukwana kabokosi si chifukwa cha maola ayi. Matola adatha, chifukwa kuima kulikonse kumaoneka. Malita 20 aja ankatsika pa malo ena odziwika, ndodo ya m'thanki imawaona. Ndipo amene ali ndi khomo lachiwiri ku Catandica kapena ku Changara, mapu amalijambula bwinobwino mpaka mtengo wa mango umene amaimikapo. Ine matola ndinkachita, sindikana, ndipo ndalama imeneyo ndimaisowa.

Koma pali tsiku limene mtima wanga udatembenuka. Ndidali ku Guro, 7 koloko madzulo, maola anga atatha, ndikudikira nyama ya mbuzi ipse. Foni ya abwana.

"Achimwene, muli pati?"

"Mukundiona, bwana, ndili pa Guro."

"Mukadangokankhako pang'ono mpaka pa yadi. Mawa m'mawa kuli katundu wina, anthu ake akundivuta."

Kale ndikadangoti chabwino, n'kugula zitini ziwiri. Tsiku limenelo ndidati, "Bwana, ine ndilibe vuto. Koma lipoti la mawa likapita kwa eni katundu lili lofiira, muwayankha ndinu."

Padali zii kwa kanthawi. Kenako adati, "Chabwino, gonani."

Pa zaka 16, aka kadali koyamba bwana kundiuza kuti ndigone. Ndidadya mbuzi yanga mosathamanga, n'kugona maola asanu ndi anayi athunthu. Dalaivala payekha sangakane, chifukwa kunja kwa geti kuli anyamata khumi okhala ndi ziphaso akudikira mpando wako. Koma wokana akakhala makina, palibe amene amachotsedwa ntchito. Ichi ndiye chabwino chachikulu cha kabokosika, ndipo ogulitsa sachitchula n'komwe, iwo amangolalikira za dizilo ndi akuba. Mutu umene unkandiwawa ulendo uliwonse udaleka. Mayi a kunyumba akuti ndidasiya kukalipira ana tsiku lofika.

Kachiwiri kadandiwombola ku Moatize, pa msika. Chapa, minibasi yonyamula anthu, idatuluka pambali osayang'ana n'kudzikhula pa tayala lakumbuyo la ngolo yanga. Woyendetsa wake, ndi kondakitala, ndi anthu ogulitsa pamenepo, onse mawu amodzi: thiraki imathamanga. Munthu wa galimoto yaikulu sakhala ndi mboni. Ndidaimbira mwana wa alongo anga, pasanathe mphindi khumi adanditumizira tsamba loonetsa ola, malo ndi liwiro: makilomita 22 pa ola. Ndidangopereka foni kwa wapolisi. Nkhani idathera pomwepo, aliyense akakonze yake.

Tsopano zowawa.

Kabokosi ka thiraki yanga amisiri adakasiya pa nthawi ya GMT, imene ili m'mbuyo ndi maola awiri poyerekeza ndi yathu. Mathiraki ena atatuwo adakonza, yanga adaiwala. Ine ndinkanyamuka 5:10 m'mawa monga mwa lamulo, lipoti n'kumanena kuti ndanyamuka 3:10, usiku woletsedwa. Kabelu ka m'galimoto sikankalira, chifukwa kamawerenga maola oyenda, osati a pa wotchi, ndiye ine osadziwa kanthu. Maulendo atatu adadutsa. Kalata yochenjeza idabwera kuchokera kwa eni katundu, abwana n'kundidula alawansi osandifunsa. Nditakana, adatembenuza laputopu n'kunena kuti, "Achimwene, kompyuta sinama." Mwana wa alongo anga adangoweramitsa mutu.

Chidandipulumutsa ndi kope lija. Sindidalitaye, ndipo chibwerere kabokosi ndidayamba kulembamo zoona, poti bodza lidalibenso ntchito. Pakati pa masamba ndimapanikizamo malisiti onse, a pa bomba, a pa sikelo, a polipira msewu, ndipo ambiri amakhala ndi ola lake losindikizidwa. Tidayala malisitiwo pa tebulo. Lisiti la pa bomba likuti ndidathira dizilo 6:40, kompyuta ikuti pa bomba imeneyo ndidaima 4:40. Lina chimodzimodzi, lina chimodzimodzi, maola awiri enieni paliponse. Abwana adakanda mutu. Koma kuti a kampaniyo akonze padatenga masabata atatu. Pa WhatsApp amayankha msanga kuti "tikuona", kenako zii. Mmisiri ali mumzinda womwewu, mphindi 30 kuchokera pa yadi, koma kubwera kwake ngati mvula ya ku Changara. Atafika adakonza m'mphindi zisanu, pa laputopu pomwepo, osakhudza n'komwe galimoto. Alawansi adandibwezera, kupepesa ndikudikirabe.

Zina n'zazing'ono koma zimatopetsa. SIM yake adati imagwira mayiko onse ozungulira, koma miyezi inayi yoyamba ndikangowoloka kulowa Dedza, pa mapu thiraki inkangoima pa Calómuè masiku atatu ine ndili ku Kanengo ndikutsitsa. Kabokosi kamasunga zonse n'kudzazitumiza netiweki ikabwerera, ndiye palibe chimatayika, komabe masiku atatu amenewo abwana ankaimba foni ola lililonse. Adasintha SIM, pano zili bwino. Ndodo ya m'thanki imapenga pa mtunda: ndikamakwera kuchoka pa Mussacama dizilo amatsamira kumbuyo, lipoti n'kunena kuti malita atsika mwadzidzidzi, pa chidikha n'kubwereranso. Wosadziwa msewu angakutche mbala. Kachitsulo kokhudzitsa kiyi kadamatuka ndi kutentha kwa mu Novembala, pamene Tete imapitirira madigiri 40, pano ndidakamanga ndi lamba wa chubu. Pulogalamu ya pa foni ili m'Chipwitikizi ndi Chingerezi basi. Ine ndimalimbana nacho Chipwitikizi, koma mnzathu wina wachikulire amene sukulu yake adaphunzira ku Malawi nthawi ya nkhondo amangodziwa kuti chobiriwira ndi chabwino, chofiira ndi mlandu.

Vuto lenileni, limene likundilembetsa zonsezi, ndi lakuti kabokosika kamadziwa zinthu ziwiri zokha: tayala likuzungulira, kapena silikuzungulira. Likaima kamalemba kuti descanso, kupuma, n'kupaka mtundu wobiriwira. Koma aliyense amene adakwezapo ku Beira akudziwa kuti kuima si kupuma. Umalowa pa mzere madzulo, usiku wonse ukusendera kutsogolo mamita khumi, kuzima injini, kudikira, kuliza, kusenderanso. Ukagona wina akulowerera. Kusendera kotereku n'kochepa moti makina sakuwerenga. M'bandakucha akukweza, kenako iwe ndi mnyamata wako mukwere pamwamba kukoka tenti yolemera ngati ng'ombe yakufa, kumanga zingwe, maola awiri. Ukakhala pampando 6 koloko m'mawa, maso ali psuu, msana ukuyaka, n'kukhudzitsa kakiyi kaja, foni imakuuza mwaulemu kuti wapuma maola 13 ndipo uli ndi maola 9 athunthu oyendetsa. Ku ofesi akuona zobiriwira zokhazokha. Tsiku limenelo ndiwe woopsa kuposa mmene ndidaliri ine pa mlambe uja, koma pepala likuti uli bwino.

Pa boda n'chimodzimodzi. Kuthamanga ndi mapepala kwa despachante, wokonza mapepala a kasitomu, kuima pa zenera ili ndi ilo, kubwerera kukasuntha galimoto. Kusintha tayala pa dzuwa la ku Changara, sipanala yotentha yosagwirika, nakonso ndi descanso.

Amene adalemba malamulo amene tidakoperawo adaliona vutoli. Pa tachograph ya ku Ulaya pali zizindikiro zinayi: chiwongolero cha kuyendetsa, nyundo ziwiri zopingasana za ntchito ina, kabokosi kodulidwa pakati ka kudikira, ndi bedi la kupuma. Wokoka tenti amaika pa nyundo, osati pa bedi. Ku America nakonso magawo ndi anayi, ndipo maola 14 aja amawerenga kuyambira pamene wayamba ntchito iliyonse, kaya ukuyendetsa kaya ukudikira pa geti. Ife tidatenga manambala okha, 9 ndi 45, mutu wake n'kuusiya komweko. Nditafufuza ndidapeza kuti mu pulogalamu yathu batani la ntchito ina lilimo, lobisika m'kati mwenimweni, koma palibe adatiphunzitsa. Nditayamba kulidina pa mzere wa ku Beira, m'mawa foni idandiuza kuti ndigone kaye. Ndidagona. Abwana sadakondwe. Mwana wa alongo anga adandiimbira mwakachetechete kuti, "Malume, batani lija mukamalidina muzindiuza kaye, andikalipira ine."

Chinanso, lamulo limati ima, koma silinena kuti uime pati. Pakati pa Guro ndi Changara malo oimika thiraki yodzaza feteleza usiku ndi owerengeka. Maola akakuthera patchire uli ndi zosankha ziwiri: kupitirira kabelu kakulira n'kudetsa lipoti, kapena kugona pamenepo n'kudzuka tenti itang'ambidwa ndi lumo, matumba asanu atapita. Poima pabwino pali mlonda, ndipo mlonda amadya, ndalama yake imachoka m'thumba mwako. Ine ndidaphunzira kuima msanga, ngakhale patatsala ola lathunthu, ndikafika pamene ndikupadziwa. Ola limenelo limangotayika.

Kamodzi maola adandithera nditatsala mphindi 40 kufika ku Ulongué. Mapiri a kwathu ndikuwaona, mphepo yozizira ya ku Angónia ikulowa pawindo, koma ndidaimika n'kuyala bulangete kumbuyo kwa mpando. Nditaimba kunyumba, mayi a ana adati, "Bambo ake mwana, ndiye mwakwatira kachitsuloko eti? Kakuphikireni komweko." Mawa lake ndidamva kuti adaimbira mnyamata wa ku ofesi kufunsa ngati ndidagonadi pamene ndidanena. Iye adawatumizira chithunzi cha mapu. Mwayi ndidali woyera. Chiyambire pamenepo ndimawerengera kuti mphindi 45 zopuma zizigwera pa Ulongué penipeni. Ndimaimba ndili pa Mussacama, ndikamafika ndimapeza mwana wamkazi ataima m'mbali mwa msewu ndi mbale zomangidwa pa nsalu, nsima ya ufa woyera, nyemba ndi mpiru. Ndimadyera pa sitepe ya galimoto, iye akundiuza za kusukulu, mpaka foni itabiriwira.

Za kusunga malipoti, mabwana mumve apa. Zonse zimakhala pa makompyuta a kampani yogulitsayo, osati anu. Mwezi wina abwana adachedwa kulipira masiku khumi, akaunti idatsekedwa, ndi mbiri yonse ya m'mbuyo yomwe, tsiku lomwe eni katundu ankafuna lipoti la miyezi itatu. Kuyambira pamenepo mwana wa alongo anga amatsitsa malipoti kumapeto kwa mwezi uliwonse, kusindikiza, n'kuika m'faelo ya thiraki iliyonse. Ku America kampani imayenera kusunga zolemba za maola miyezi isanu ndi umodzi, ku Ulaya chaka chathunthu, ndiye ife tidangoti chaka. Ndipo inu madalaivala, pemphani tsamba lanu mwezi uliwonse. Maolawo ndi anu. Tsiku lodzakangana za malipiro, kapena lokafunsira ntchito kwina, pepala lonena kuti munthu uyu chaka chonse sadathamange ndipo sadayende usiku limalankhula kuposa kalata ya bwana.

Ndiye mukandifunsa kuti tigule kapena ayi, ndikuti gulani. Kabokosi pakokha ndikapatsa 8 pa 10, anthu ake okonza 4. Tsiku loika muimepo ndithu, muone kuti wotchi yake ikugwirizana ndi ya pa foni yanu, muuze mmisiri akuonetseni batani la ntchito ina asanakwere njinga yake, ndipo SIM muiyese powoloka boda mwezi woyamba musanamalize kulipira. Kope musataye.

Mgwirizano wathu ndi kampaniyo ukutha mwezi wamawa. Tidakhala pansi madalaivala anayi ndi abwana pansi pa msawu wa pa yadi, tidavomera kuti apitirize, koma tidapempha zitatu. Ndalama ya mlonda wa usiku ichoke ku ofesi: adavomera. Alawansi iziwerengedwa pa tsiku, osati pa ulendo: adati awonjezera theka la tsiku, tidalandira. Chachitatu, usiku wa pa mzere ku Beira uzilembedwa ngati ntchito, munthu agone asananyamuke. Pamenepo abwana adayang'ana kumwamba, n'kutola sawu limodzi pansi, kulipukuta pa malaya, n'kunena kuti akambirana kaye ndi eni katundu. Lachiwiri ndikutsikiranso ku Beira, ndipo batani lija ndikalidina.